Mpweya Kapena Masita: Matenda Awiri a Pedulo Yofewa

Ntchito yanga yoyamba pa galimoto inali ya mwendo wokha. Amalume anali ndi pikiapu ya Peugeot 504 imene inkanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kutsikira nazo pa Boma la Ntcheu. Tsiku lochotsa mpweya m'mabuleki likakwana, ine ndinkakhala pampando wa dalaivala, iwo atagona chagada pa chiguduli kunsi kwa galimoto, sipanala ili m'manja. "Popa, mphwanga! Popa! Gwira pomwepo!" Ndikagwira, iwo ankamasula kabauti ka kuseri kwa tayala, pedulo n'kuthawa kuphazi kwanga mpaka kukagunda pansi. "Yafika?" "Yafika, amalume." Ankamanga, ine n'kutula mwendo, n'kuyambiranso. Chiwongolero ndinali ndisanachigwirepo, koma phazi langa linali litadziwa kale kusiyana kwa pedulo yolimba ndi yofewa.

Chimene ndinadzachizindikira mochedwa n'chakuti mawu akuti "yofewa" amaphimba matenda awiri. Dalaivala akafika pa galaja n'kudandaula kuti mabuleki akupita pansi, yankho limakhala lili kale pakamwa pa makaniko: "Mwalowa mpweya umo, bwana, tiuchotse." Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Koma pali vuto lina limene phazi losazolowera limalimva ngati lomwelo, chonsecho gwero lake lili kwina, m'kati mwa master cylinder, imene amakaniko amangoifupikitsa kuti masita. Mpweya ndi masita yotha zimafanana pawiri: zonse zimatsitsa pedulo, ndipo zonse zimaoneka ngati zapola ukaponda kawiri katatu. Kwinako konse n'zosiyana, kuyambira m'mene zimayambira, ndalama zimene zimadya, mpaka m'mene zimakutayira pa mtsetse. Ndipo monga ndinadzaonera pa pikiapu ija, mankhwala a nthenda yoyamba atha kubala yachiwiri.

Mabuleki a mafuta amadalira chinthu chimodzi, chakuti zamadzimadzi sizifinyika. Tengani jekeseni wopanda singano, mumudzaze madzi, mutseke kukamwa kwake ndi chala, ndiye mukankhe. Sasuntha. Mukamudzaza mpweya, alowa mpaka theka musanamve kukana kwenikweni. Blaise Pascal, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600, ndiye anafotokoza kuti mphamvu yoikidwa pa madzi otsekeredwa imafika mbali zonse mofanana. Ku America, Malcolm Loughead analembetsa ku boma luso la mabuleki a mafuta mu 1917, ndipo dzina lake, lolembedwa kuti Lockheed, ndi lomwe limaoneka pa mabuleki a galimoto zambiri zakale za ku Britain. Mu 1921 kampani ya Duesenberg inayamba kugulitsa galimoto yokhala ndi mabuleki otere pa matayala onse anayi. Masita ndiye jekeseni uja. Pedulo imakankha pisitoni, pisitoni imakankha mafuta, mafuta amayenda m'mapaipi achitsulo ndi a labala mpaka ku matayala, kumene timapisitoni tina timafinya mapadi pa disiki kapena kutambasula ma shoe m'kati mwa dilamu.

Dongosolo lomweli ndi limene lili pa MGB, kagalimoto kamasewera ka anthu awiri kamene kanapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zonse pamodzi zinaposa 500,000. Madisiki kutsogolo, madilamu kumbuyo, monga pa pikiapu ya amalume. Amene amasunga galimoto zoterezi ku England kapena ku South Africa amazitulutsa Lamlungu kukapitidwa nazo mphepo, pamene amalume ankadyera mwa yawo, koma pedulo ikafewa onse amakhala ndi funso limodzi. Galimoto za m'badwo umenewo zilibe kompyuta yoti makaniko alumikize n'kuwerenga pamene pavuta. Choyezera chake ndi phazi.

Pedulo ya mabuleki olowa mpweya ili ngati kuponda mpira wosapopa bwino. Imalowa, imalowabe, ikukana pang'onopang'ono, ndipo sufika pamene unganene kuti apa ndiye polimba. Ukachepetsa mphamvu imakubwezera phazi mofewa. Mphamvu ya mwendo imayamba yathera pofinya tithovu ta mpweya m'mapaipi, yotsalayo ndiyo imakafika ku matayala. Ukaponda mofulumira katatu kapena kanayi pedulo imakwera n'kulimbako, pakuti ikamabwerera masita imakoka mafuta ena m'kabotolo ka pamwamba, mpweya uja n'kupanikizika mpaka kusowa kolowera. Ukasiya kanthawi umafutukukanso, kufewa n'kubwerera. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti ukaponda n'kuimitsa phazi pamenepo, osawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu, pedulo imaima. Ndi yofewa ndithu, koma siyenda.

Mpweya sumera wokha m'mapaipi, pamakhala chimene chinautsegulira khomo. Mwina mafuta anatsika m'kabotolo mpaka masita inameza mpweya galimoto itapendekeka pa chitunda. Mwina dzulo munasintha paipi kapena silinda ya ku tayala, ntchito yochotsa mpweya n'kuchitika mothamanga poti dzuwa linali kulowa. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wafunsa asanagwire sipanala: zayamba liti, nanga anagwirako komaliza ndani? Kufewa kumene kwayamba tsiku lomwe mabuleki anamasulidwa kumakhala kwa mpweya pafupifupi nthawi zonse. Kumene kwabwera mozemba pa miyezi ingapo, popanda munthu wokhudzako, n'koyenera kukukayikira.

Mpweya uli ndi mbale wake amene ife a kumapiri tiyenera kumuopa, ndiye nthunzi. Mbali ya kumadzulo kwa boma lathu la Ntcheu ili pamsana pa mapiri a Kirk Range, ndipo zambiri zimene timalima kumtundako zimakagulitsidwa kumunsi. Wochokera ku Tsangano amatsetsereka. Wochokera ku Lizulu kulowera ku Balaka pa msewu wa M1 amatsetsereka. Wokhota pa Masasa kulunjika ku Golomoti amakumana ndi makona a Khwekhwerere, kumene msewu umapindikapindika kutsikira kuchigwa cha kunyanja. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ukatsika mtunda wonsewo phazi lili pa pedulo, matumba atasanjikizana mpaka kupitirira denga, kutenthako kumadutsa m'mapadi n'kukafika ku mafuta. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 amayenera kupirira mpaka madigiri 205 asanawire, a DOT 4 mpaka 230. Koma mafutawa ali ndi chibadwa choyamwa chinyezi, ndipo akamwa madzi okwana pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, malirewo amatsika kufika pa 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. Akawira, m'paipi mumabadwa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya. Pedulo imene inali bwinobwino pamwamba pa phiri imangolowa yonse pa kona yachisanu. Galimoto ikaima theka la ola n'kuzizira, nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, pedulo n'kulimba ngati palibe chinachitika, ndipo dalaivala amathokoza Mulungu n'kupitiriza ulendo ndi mafuta omwewo. Opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka okwanira. Ine sindilikhulupirira botolo lotsegula kale limene lagona pa shelefu ya galaja dzinja lonse chitsekerero chili chokhwepa. Ndipo pa mtsetse wautali giya yachiwiri ndi imene iyenera kusenza katundu, buleki izingothandizira.

Masita yotha ili ndi khalidwe lina. M'kati mwake pisitoni imayenda m'kaphanga kosalala, ndipo kalabala kooneka ngati kachikho ndi kamene kamaletsa mafuta kuzembera m'mbali. Kalabalako kakatha milomo, kapena khoma la m'kati likachita timaenje ta dzimbiri, mafuta amayamba kudutsa. Kunja satuluka. Amangolambalala pisitoni n'kubwerera m'kabotolo momwe anachokera. Ukasuzumira kunsi kwa galimoto n'kouma, matayala ndi ouma, mafuta ali pa mzere wake, masitayo ikuoneka yaudongo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pedulo yake siyamba ndi kufewa. Ukaponda imagwira, n'kupeza polimba paja pamene mpweya sukupatsa. Kenako, phazi lili pomwepo, imayamba kumira pang'onopang'ono ngati waima m'dambo. Ambiri amaizindikira ali pamzere wa galimoto kudikira apolisi apamsewu, kapena ataima pa mphambano: waponda mopepuka, ukucheza ndi mnzako, kungozindikira phazi lafika pansi ndipo galimoto yayamba kukwawa. Ukaponda mwamphamvu mwadzidzidzi imagwira, chifukwa mafuta opanikizika amatambasula milomo ya kalabala n'kuikanikiza kukhoma. Ukaponda mopepuka milomoyo siitambasuka mokwanira, mafuta n'kumazemba. Umu ndi m'mene nthendayi imapulumukira ikayesedwa mwachangu. Munthu amaponda kamodzi ndi mphamvu zake zonse, amva kulimba, n'kutsika akunena kuti zili bwino.

Kusiyanitsa ziwirizi sikulira chida chilichonse koma mphindi imodzi yoleza mtima. Imitsani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, pondani kangapo mpaka mphamvu ya servo, chimphika chija chothandizira mwendo, ithe. Ndiye pondani ndi mphamvu yapakatikati, yonga imene mumaimira nayo pa mphambano, musunge phazi pamenepo mukuwerenga mpaka 60. Pedulo ikakhala yofewa koma yoima, ndi mpweya. Ikamamira, mafuta akuthawira penapake. Mukatero tsegulani boneti muone kabotolo, mugwade muyang'ane kuseri kwa matayala onse anayi, mulondole mapaipi. Ngati pali ponyowa ndipo mafuta atsika, akutulukira kunja ndipo maso apeza malowo. Ngati ponse pali pouma ndipo mafuta sanatsike, ndi masita. Pali pobisalira pamodzi pamene pamapusitsa anthu: masita itha kudontha cha kumbuyo kwake, mafuta n'kumalowa mu servo, kapena pa galimoto yopanda servo n'kumatsikira pa kapeti kunsi kwa mapedulo. Mafuta akamatha osaoneka komwe akupita, masulani manati ogwira masita, muikokere kutsogolo pang'ono, mupisemo chala.

Chimene chimapha masita choyamba ndi ukalamba. Koma madzi omwe aja otsitsa malire owirira ndi amenenso amakhazikika pansi m'kaphanga n'kumadya chitsulo. Apa ndi pamene MGB ya ku England ndi pikiapu ya kwathu zimakumana. Ija imagona m'galaja nyengo yonse yachisanu mwini wake akuopa mchere umene amathira m'misewu ya kumeneko, iyi imagona pa zidina kuseri kwa nyumba miyezi isanu kudikira ndalama ya giyabokosi. Za m'kati mwa mabuleki zimavunda msanga pa galimoto yongokhala kusiyana ndi yoyenda tsiku ndi tsiku. Chinanso ndi mafuta olakwika. Ndinaonapo anthu, atathedwa nzeru panjira, akuthira oyilo wa injini, ngakhale madzi a sopo, m'kabotolo ka mabuleki kuti angofika komwe akupita. Oyilo amatupitsa timalabala tonse kuyambira m'masita mpaka ku matayala, ndipo akalowa ndiye kuti chilichonse cha labala chiyenera kusinthidwa. Ena mwa eni galimoto zakale zamasewera amakonda mafuta a DOT 5, a silicone, chifukwa sayamwa madzi ndipo sasupula penti monga amachitira mafuta wamba a mabuleki. Koma amasunga tithovu ta mpweya, kotero pedulo yake imakhala yofewerako, ndipo sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4. Musawasokoneze ndi DOT 5.1, amene ali a banja limodzi ndi DOT 4 ngakhale dzina likufanana ndi enawo.

Mukandifunsa kuti choopsa kwambiri n'chiti, ndinena masita, ngakhale kuti phazi limadandaula kwambiri ndi mpweya. Mpweya sukubisira kanthu. Umakuuza m'mawa ukangoponda koyamba, ndipo ngati palibe pamene ukulowerabe, mawa udzaupeza wochuluka chimodzimodzi. Si chinthu chochiyendera dala, chifukwa galimoto imaima mochedwa, ndipo pa msika wa Lizulu, pamene anthu amadumpha msewu uku ndi uku, kuno Malawi uko Mozambique, mamita awiri ndi moyo wa mwana. Komabe umadziwa chimene uli nacho. Masita imagwira lero, igwira mawa, n'kudzataya tsiku limene kalabala kang'ambika, ndipo tsikulo silisankha malo. Pa galimoto zakale kwambiri kuopsako kumawirikiza, chifukwa zambiri zinali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, pisitoni imodzi kudyetsa matayala onse anayi. Kalabala kamodzi kapena paipi imodzi ikalephera, watsala ndi handibuleki basi. Ku America lamulo linakakamiza kuti galimoto zatsopano kuyambira mu 1968 zikhale ndi njira ziwiri zosadalirana, ndipo MGB zopita kumeneko zinasinthidwa, pamene zogulitsidwa ku Britain zinapitiriza ndi njira imodzi kwa zaka zina zingapo. Masita ya njira ziwiri ili ndi mapisitoni awiri otsatana. Ina ikalephera pedulo imatsika kwambiri, koma cha kumapeto imagwira matayala awiri. Mwayi umenewo ndi wokafikira pa galaja, osati wopitirizira matola mpaka Loweruka. Amene ali ndi Land Rover yakale kapena pikiapu ya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 awerenge mapaipi otuluka pa masita yake, ndipo akapeza imodzi asagone ndi pedulo yomira ngakhale usiku umodzi.

Chimene chimabisa matenda onse awiriwa ndi mwendo wa dalaivala mwini. Madalaivala ambiri okhalitsa pa galimoto zakale ali ndi chizolowezi choponda kawiri asanaime, mwakuti sazindikiranso kuti akutero. Kuponda kwachiwiriko kumafinya mpweya, kumabwezeretsanso pedulo imene inayamba kumira, ndipo miyezi imatha munthu akukhulupirira kuti galimoto yake amaidziwa. Tsiku limene mbuzi kapena wa kabaza atulukira mwadzidzidzi, nthawi yoponda kawiri sipakhala.

Chaka china pikiapu ija inakhala nthawi yaitali osayenda, ndipo amalume poidzutsa anasintha silinda ya ku tayala la kumbuyo imene inkadontha. Mpweya unalowa, monga zimakhalira ukamasula paipi, ndipo tinayamba mwambo wathu, kuyambira tayala la kumbuyo kumanzere, lomwe lili kutali kwambiri ndi masita pa galimoto za chiwongolero cha kumanja ngati zathuzi. Ine ndinkaponda mpaka pansi penipeni nthawi iliyonse, poti umo ndi m'mene tinkachitira. Tinazungulira matayala onse, m'botolo munasiya kutuluka thovu, koma pedulo inayamba kumira. Tinabwereza. Tinagula botolo lina la mafuta, tinabwerezanso. Tsiku lachitatu kunadutsa mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya umakaniko ku migodi ya ku Joni. Anakhala pampando, anaponda mopepuka, n'kukhala duu maso ali kutsogolo. Atatsika anati, "Achimwene, mpweya munauchotsa dzana. Koma pouchotsapo mwapha masita." Anafotokoza kuti zaka zonse zimene galimoto yakhala ikuyenda, pisitoni imangoyenda kagawo kochepa ka kaphanga kake, ndipo kagawoko kamakhala kosalala ngati galasi. Kupitirira pamenepo kumakhala dzimbiri ndi zinyalala zimene kalabala sikanazikhudzepo. Kabauti kakatsegulidwa, pedulo imapita kumene sinapiteko chiyambire, kalabala n'kukhulidwa pa dzimbiripo ngati pa sandipepa. Tinatsegula masita madzulo omwewo, ndipo milomo ya kalabala inali yokalikakalika. Kuyambira tsiku limenelo amalume ankaika kachidutswa ka thabwa kunsi kwa pedulo tisanayambe, kuti mwendo wanga usamapitirire pamene pisitoni inazolowera. Mkulu uja anatiphunzitsanso njira yosaponda n'komwe: kutsegula kabauti, kusiya mafuta azidontha okha, iwe ukuwonjezera pamwamba kuti kabotolo kasaume. Imatenga nthawi, koma masita siivutika nayo.

Si pedulo iliyonse yotsika imene ili ya matenda awiriwa. Ma shoe a kumbuyo akatalikirana ndi dilamu, pedulo imapita kutali koma ikafika imalimba ngati mwala. Kokani handibuleki pang'ono mupondenso, ikakwera ndiye kuti ndi nkhani yongosendeza ma shoe. Paipi ya labala yokalamba imafufuma ikapanikizidwa, ndipo mutha kuimva ndi dzanja mnzanu akuponda. Caliper, chofinyira mapadi pa disiki chija, ya kumanzere ikamangidwa kumanja, kabauti kotulutsira mpweya kamakhala pansi pamene mpweya umathawira m'mwamba, ndipo mutha mabotolo asanu osautulutsa. Land Rover Series III yaitali ija, ya 109, ili ndi masilinda awiri pa tayala lililonse la kutsogolo, ndipo amene anaigwirapo amadziwa m'mene imabisira mpweya. Zikasokonekera, amakaniko amapana mapaipi onse a labala ndi chopanira chosadula. Pedulo ikalimba n'kuima, masita ilibe mlandu, ndipo amamasula chimodzichimodzi mpaka apeze tayala limene likubweretsa kufewa. Ikamirabe mapaipi onse atapanidwa, palibenso kwina koloza chala.

Sindimuimba mlandu makaniko wothamangira mpweya. Kuuchotsa kumangofuna botolo limodzi la mafuta, sipanala, kapaipi koonekera m'kati ndi mnyamata woponda. Ntchito imatha ola lisanakwane, ndipo mwini galimoto, amene mumtima akuwerenga phindu la matumba ake, amavomera msanga. Masita imafuna kuimika galimoto masiku angapo, kuitanitsa chitsulo ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo ikakhala galimoto yosiya kupangidwa kalekale, kuyenda sitolo ndi sitolo chakalecho chili m'manja. Peugeot 504 inali ndi mwayi pang'ono, poti inapitirira kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, kotero zitsulo zake sizinasowe msanga. Onse awiri, makaniko ndi mwini galimoto, amalakalaka kuti likhale vuto lotsika mtengo, ndipo poti pochoka pa galaja pedulo imakhala itangopopedwa kumene, onse amakhulupirira kuti zatheka. Pepala la COF nalo limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Za kalabala kamene kayamba kutha mwezi wotsatira silingadziwe.

Masita ikapezeka kuti ndiyo yatha, pali kugula kiti ya timalabala tatsopano kapena kugula masita yathunthu. Kiti ndi yotsika mtengo, ndipo imathandiza ngati khoma la m'kati likadali losalala. Tsukani ndi mafuta a mabuleki omwewo, osati petulo kapena palafini monga timatsukira zitsulo zina, chifukwa zimenezo zimatupitsa labala. Muunike ndi tochi, mudutsemo chikhadabo. Chikakodwa pa kadzenje, kalabala katsopano kadzathera pamalo omwewo miyezi isanachuluke. Eni galimoto zamasewera ku Ulaya amakabooletsa masita yakale n'kuikamo chubu cha chitsulo chosachita dzimbiri, pofuna kusunga chinthu chimene galimoto inabadwa nacho. Kwathu kuno ndikanalangiza yatsopano basi. Yozula pa galimoto yophwasulidwa imene yakhala pamvula zaka ziwiri imabwera ndi dzimbiri lomwelo limene mukulithawa. Ndipo yatsopanoyo ichotsedwe mpweya ili pa benchi isanamangidwe, apo ayi mudzachiza nthenda yachiwiri n'kubwerera ku yoyamba.

Masita ya amalume inabwera pa basi kuchokera ku Limbe sabata yotsatira, itakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo pikiapu inayendanso zaka zina zingapo. M'mawa uliwonse wa msika, anyamata akukoka zingwe pa matumba, nkhungu ya ku Tsangano isanachoke m'minda, iwo ankakhala pampando injini isanalire, phazi lamanja litatsamira pa pedulo, milomo ikugwedera powerenga. Wina akawalankhula pa nthawiyo sankayankha. Akafika pa 60 ankatula mwendo, n'kupotokola kiyi, ndipo giya yachiwiri inkalowa tisanafike pa mtsetse woyamba.